Karenti Ilowe, Volteji Ituluke: Mafunso ndi Mayankho

Kachipangizo kamene namwino amakupanirani pachala kuti aone mpweya wa m'magazi, kabokosi kolandira intaneti ya fiber ndiponso mita yoyezera shuga zili ndi vuto lofanana. Mbali imene imamva kuwala kapena shugayo imatulutsa karenti yochepetsetsa, pomwe kachipu kowerengera manambala kamangodziwa volteji. Pakati pa ziwirizi pamakhala seketi yosandutsa karenti kukhala volteji, imene m'mabuku a zamagetsi imatchedwa current-to-voltage converter kapena transimpedance amplifier. Papepala ndi zida ziwiri kapena zitatu basi. Ikafika pabolodi imayamba kuonetsa makhalidwe amene amazunguza mutu ophunzira ndi amisiri omwe. Nawa mafunso amene amabwera kawirikawiri.

Bwanji osangoyeza karentiyo mmene ilili? Kusandutsaku n'kwa chiyani?

Zida zambiri zowerengera magetsi zimaona volteji yokha. Karenti ndi kuchuluka kwa magetsi odutsa pamalo pa sekondi iliyonse, ndipo timaiyeza mu ma ampere. Volteji ndi kusiyana kwa mphamvu yokankha magetsiwo pakati pa malo awiri, ndipo timaiyeza mu ma volt. Bolodi ya Arduino Uno, imene ophunzira ambiri amayambira, imalandira volteji ya pakati pa 0 ndi 5 V n'kuigawa m'masitepe 1,024, sitepe iliyonse pafupifupi 4.9 mV. Mwendo wolandirira karenti ilibe. Ngakhale mita ya digito imene amisiri amayenda nayo m'chikwama, mukaitembenuzira pa A sikuti yasiya kuyeza volteji ayi. Mkati mwake karenti imadutsa pa resistor yodziwika kukula kwake, mitayo n'kuyeza volteji ya pamenepo, kenako n'kukulemberani yankho mu ma ampere.

Komabe pali masensa amene amanena zoona kudzera mu karenti. Photodiode, sensa yomva kuwala, ndi imodzi mwa iwo. Kuwala kukachuluka kawiri, karenti yake imachulukanso kawiri. Kukachuluka kakhumi, nayonso kakhumi, ndipo imatsata choncho kuyambira kachisisira mpaka dzuwa la masana. Volteji yake sitero: imakwera msanga poyamba, kenako n'kumangokwawa. Wofuna kuyeza kuwala molondola ayenera kutenga karenti, ndipo akaitenga ayenera kuisandutsa volteji kuti chowerengera chiione.

Njira yachidule kwambiri ndi iti?

Resistor imodzi. Lamulo limene Georg Ohm wa ku Germany anasindikiza mu 1827 limati volteji ndi karenti kuchulukitsa ndi resistance, V = I × R. Karenti ya 1 mA ikadutsa pa resistor ya 1 kΩ, pamapezeka 1 V. Ntchito yatha.

Musaipeputse njirayi, chifukwa ndi imene imayendetsa mafakitale ambiri padziko lapansi. Sensa yoyeza kutentha kwa boila kapena kuchuluka kwa madzi m'thanki imatumiza karenti ya pakati pa 4 ndi 20 mA kudzera pa mawaya awiri otalika mamita mazanamazana. Kumapeto kwa mawayawo kumakhala resistor ya 250 Ω, motero 4 mA imasanduka 1 V ndipo 20 mA imasanduka 5 V. Amatumiza karenti chifukwa karenti yonyamuka ku sensa ndi yomweyo imene imafika, waya atalike bwanji, pomwe volteji imataika panjira. Amayambira pa 4 osati pa 0 mwadala: thanki yopanda madzi imapereka 4 mA, waya woduka amapereka 0, ndiye woyang'anira makina amatha kusiyanitsa ziwirizi asanadzuke pampando. Dongosololi linafala m'zaka za m'ma 1950, kulowa m'malo mwa lakale lotumiza uthenga ndi mpweya wopopedwa wa pakati pa 3 ndi 15 psi.

Pa karenti yaikulu, resistor imakhala yochepa kwambiri. Mukatsegula mita yotchipa mudzaona waya wonenepa wopindika pafupi ndi bowo la 10 A. Ameneyo ndi resistor ya pafupifupi 0.01 Ω, ndipo 10 A ikadutsapo pamapezeka 0.1 V yokha.

Ngati resistor imagwira ntchito chonchi, op-amp, kachipu kokulitsa volteji, ikudzatani?

Vuto la resistor n'lakuti volteji imene imabereka imatembenukira gwero la karenti n'kumalikaniza. Ndiye kuti poyeza chinthu, mwachisinthanso.

Mamita otchipa ambiri, mukawaika pa 200 µA, amakhala ndi resistor ya 1 kΩ mkati, ndipo amadya mpaka 0.2 V. Pa kaseketi koyendera batire limodzi la 1.5 V, kuchepa kumeneko n'kokwanira kusintha mmene kakugwirira ntchito.

Pa photodiode zinthu zimaipiratu. Tengani BPW34, kagalasi kakang'ono ka mbali zinayi kamene kamapezeka mosavuta. Pa kuwala kwa 1,000 lux imatulutsa pafupifupi 70 µA. Mukailumikiza ku resistor ya 1 MΩ, lamulo la Ohm likulonjezani 70 V. Mita idzakuonetsani pafupifupi 0.35 V. Palibe chaonongeka. Photodiode ndi diode ndithu, ndipo volteji ya pamiyendo pake ikangofika pamenepo imatseguka n'kuyamba kumeza karenti yake yomwe. Kuyambira apo, muonjezere kuwala bwanji, nambala imangosuntha pang'ono.

Chinanso ndi liwiro. Photodiode iliyonse ili ndi capacitance mkati mwake. Ya BPW34 ndi pafupifupi 70 pF, ndipo mukaphatikiza ya mawaya tinene kuti 80 pF. Volteji isanasinthe, capacitance imeneyi iyenera kudzazidwa kapena kukhuthulidwa kudzera mu resistor ija. Ndi 1 MΩ, seketi imayamba kutsalira m'mbuyo kuwala kukamaphethira koposa ka 2,000 pa sekondi. Limoti ya wailesi yakanema imaphethira pafupifupi ka 38,000 pa sekondi, ndiye seketi yotereyi ingaione mwachizimezime.

Muli pamphambano. Resistor yaikulu imamva karenti yochepa koma ndi yaulesi ndipo imanama. Yaing'ono ndi yachangu ndipo imanena zoona, koma volteji yake ndi yochepa moti chowerengera sichiiona. Op-amp imabwera kudzathetsa mkangano umenewu.

Imauthetsa bwanji?

Kalumikizidwe kake n'kotere. Mwendo wa + wa op-amp umapita ku ground. Sensa imalumikizidwa ku mwendo wa −. Resistor, imene tsopano tiziitcha Rf, imachoka pa mwendo wa − womwewo kupita ku mwendo wotulutsira.

Op-amp ili ndi makhalidwe awiri ofunika pano. Siilola karenti kulowa m'miyendo yake yolandirira. Ndipo imakweza kapena kutsitsa volteji ya kotulutsira mpaka miyendo iwiri yolandirirayo ifanane. Popeza mwendo wa + uli pa 0 V, op-amp imaumiriza mwendo wa − kukhalanso pa 0 V, ngakhale kuti sunalumikizidwe ku ground. Karenti yochokera ku sensa ikafika pamenepo ilibe kwina kopita koma kudutsa mu Rf, ndipo kuti idutse, op-amp imatsitsa mbali inayo ya Rf ndi volteji yokwanira ndendende. Zotuluka ndi V = −I × Rf. Karenti ya 1 µA pa Rf ya 1 MΩ imapereka −1 V.

Taganizirani ngalande yothirira kudimba. Mukafuna kudziwa kuchuluka kwa madzi oyendamo, mutha kutchinga ndi thabwa lobowola pakati. Madzi adzakwera kumbuyo kwa thabwalo, ndipo kukwera kwake kudzakuuzani kuchuluka kwake, koma madzi okwerawo adzabwerera m'mbuyo n'kuchedwetsa ena akubwera. Imeneyo ndiyo resistor yokha. Tsopano ikani munthu wa pampu kumunsi kwa thabwalo, amene ntchito yake ndi kukoka madzi a kumunsiko mpaka a kumtunda atakhala pa msinkhu wawo wakale. Madzi a kumtunda sadziwanso kuti pali thabwa. Inu mumawerenga kutsika kwa madzi a kumunsi.

Onani kuti yosandutsa karenti kukhala volteji ikadali resistor. Op-amp yangochotsa katundu pamsana pa sensa. Pa manambala zimaoneka bwino. Op-amp yotchedwa TL071 imakulitsa kusiyana kwa miyendo yake pafupifupi ka 200,000 pa magetsi osasinthasintha, motero kuti itulutse 1 V, mwendo wa − umangosuntha ndi 5 µV. Kwa sensa, zili ngati yalumikizidwa ku 5 Ω osati ku 1 MΩ. Diode sitsegukanso chifukwa pamiyendo pake palibe volteji, ndipo capacitance ija sifunikanso kudzazidwa.

Nzeru yobweza gawo la zotuluka kuti liwongole zolowa, imene amati negative feedback, inachokera kwa Harold Black wa ku Bell Labs mu 1927, nthawi imene ankalimbana ndi mawu opotoka pa matelefoni a mtunda wautali.

Nanga chizindikiro cha minus chija chindivuta?

Ayi, chimangonena mbali. Karenti yolowa pa mwendo wa − imatsitsa zotuluka, yotuluka pamenepo imazikweza. Ngati mukufuna volteji yokwera, monga mmene Arduino imafunira, lumikizani cathode ya photodiode ku mwendo wa − ndipo anode ku ground. Mukaitembenuza pa seketi yoyendera batire limodzi, op-amp idzafuna kutsika kupitirira 0 V, sidzatha, ndipo mita idzangoti zii pa ziro ngati seketi yafa.

Ndikaipanga patebulo ndidzaona chiyani?

Tengani mabatire awiri a 9 V, muwalumikize motsatizana, ndipo pakati pawo pakhale ground yanu. Pa TL071 ya miyendo isanu ndi itatu, mwendo 7 upite ku +9 V, mwendo 4 ku −9 V, mwendo 3 ku ground. Cathode ya BPW34 ipite ku mwendo 2, anode ku ground, ndipo resistor ya 100 kΩ ikhale pakati pa mwendo 2 ndi mwendo 6. Mita muiike pakati pa mwendo 6 ndi ground.

M'chipinda cholowa kuwala kwa pawindo mudzaona gawo la volt imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Mukaphimba ndi chikhatho, nambala idzagwa, koma sidzafika pa ziro mpaka mutavundikira ndi chinthu chakuda, chifukwa kuwala kwina kumadutsa m'mipata ya zala ngakhale m'mnofu momwe. Pansi pa babu la LED mudzapeza zochepa kuposa mmene maso anu akuganizira. BPW34 imamva kwambiri kuwala kwa infrared, kumene dzuwa ndi mababu akale otentha aja ali nako kochuluka pomwe LED yoyera ili nako kochepa.

Tsopano yandikizani tochi ya foni. Nambala idzakwera n'kukakamira pa 7 V ndi pang'ono, osapitirira. Op-amp singatulutse volteji yoposa ya batire lake, ndipo TL071 imaima isanafikenso pamenepo. Ikangokakamira, lonjezo losunga mwendo 2 pa 0 V limatha, ndipo mukayeza mwendowo mudzapeza utachoka pa ziro. Kuyeza mwendo 2 ndiyo njira yachangu yodziwira ngati seketi ikadali m'malire ake. Padzuwa lenileni photodiode yomweyi imatulutsa ma milliampere angapo, ndiye pamafunika Rf ya 1 kΩ kapena kucheperapo.

Seketi yanga ikunjenjemera yokha popanda kuwala kusintha. Ndalakwitsa pati?

Mwina simunalakwitse kulumikiza. Limeneli ndi khalidwe lenileni la seketiyi, ndipo ndi limene limadyera anthu nthawi yambiri.

Op-amp imadziwa kuti yawongola mokwanira poona mwendo wa −. Koma uthenga wochokera kotulutsira umafika pamwendowo kudzera mu Rf, ndipo uyenera kudzaza kaye capacitance ya photodiode. Umafika mochedwa. Nayonso op-amp ili ndi kuchedwa kwake pa magetsi osintha mofulumira. Kuchedwa kuwiriku kukaphatikizana, kuwongola kumafika nthawi yake itapita: op-amp imakankhabe pomwe inayenera kusiya, imapitirira, imabwerera, n'kupitiriranso mbali inayo. Pa oscilloscope mumaona mzere umene unayenera kukwera n'kuima ukugwedezeka kangapo usanakhazikike, ndipo zikafika poipa sukhazikika n'komwe.

Liwiro la kugwedezekako limawerengeka: f = √(GBW ÷ (2π × Rf × C)). GBW ndi nambala ya liwiro la op-amp yolembedwa mu datasheet, ndipo ya TL071 ndi 3 MHz. Ndi Rf ya 1 MΩ ndi C ya 80 pF, yankho ndi pafupifupi 77 kHz. Mita wamba singakuonetseni zimenezi. Imangopereka nambala ya pakatikati, yooneka bwinobwino, pomwe Arduino ikutola manambala odumphadumpha ndipo inu mukuimba mlandu pulogalamu yanu.

Mankhwala ake ndi capacitor yaing'ono, Cf, yoikidwa moyandikana ndi Rf, miyendo yake pa miyendo ya Rf. Imapatsa uthenga wofulumira njira yachidule kuti ufike pa nthawi yake. Poyambira pabwino ndi Cf = √(C ÷ (2π × Rf × GBW)), imene pa chitsanzo chathu ndi 2 pF yokha. Nayo seketi imafika pafupifupi 80 kHz. Yerekezerani ndi 2 kHz ya resistor yokha ija: liwiro lachuluka pafupifupi ka 40, Rf ili yomweyo.

Cf ikakula seketi imadekha koma imachedwa. Ya 10 pF imatsitsa malire kufika pa 16 kHz, ya 100 pF kufika pa 1.6 kHz. Ngati mukungoyeza kuwala kwa m'shedi yoswetsera anapiye kapena ya mbande, ikani ya 100 pF kapena yoposerapo mugone tulo. Liwiro limene simukulifuna limangolowetsa phokoso.

Capacitor ya 2 pF sipezeka m'shopu iliyonse. Amisiri akale ankapota mawaya awiri aang'ono okutidwa, otalika masentimita ochepa, osalumikiza nsonga zake, n'kumadulako pang'onopang'ono uku akuyang'ana oscilloscope mpaka kugwedezeka kutatha. Zimagwirabe ntchito mpaka lero. Dziwaninso kuti breadboard ili ndi capacitance yake ya ma pF ochepa pakati pa mizere, moti nthawi zina seketi imadekha pamenepo n'kudzayamba kunjenjemera mutaiwotcherera pabolodi yabwino. Ine ndimati pabolodi iliyonse ya seketi imeneyi muzisiya malo a Cf, ngakhale mukuona ngati sidzafunika.

Ndipo musaike sensa kumapeto kwa waya wautali. Chingwe cha coaxial cha RG-58 chili ndi pafupifupi 100 pF pa mita iliyonse, kuposa photodiode yeniyeniyo. Op-amp ikhale pafupi ndi sensa, waya wautali anyamule volteji yotuluka kale.

Kodi op-amp iliyonse ingagwire ntchitoyi? Ndili ndi ma 741 ambiri m'kabati.

Ndinati op-amp siilola karenti kulowa m'miyendo yake. Zoona zake n'zakuti imalola pang'ono, ndipo pang'ono pameneponso pamadutsa mu Rf n'kuoneka ngati kuwala. µA741, imene kampani ya Fairchild inatulutsa mu 1968, imakoka pafupifupi 80 nA. Pa Rf ya 10 kΩ simungazindikire. Pa 1 MΩ ndi 80 mV yabodza. Pa 100 MΩ ndi 8 V, kutanthauza kuti seketi yakakamira kale kuwala kusanafike. LM358, imene imapezeka paliponse, nayo imakoka ma nanoampere makumi angapo.

TL071 ili ndi ma transistor a JFET polowera, ndipo imakoka ma picoampere makumi angapo, kuchepera ka 1,000 kuposa 741. Palinso zapadera monga ADA4530-1 ya Analog Devices, imene imakoka ma femtoampere ochepa, koma mtengo wake ndi wa mu labotale. Sungirani ma 741 anu ntchito zina.

Chenjezo pa ma op-amp a ma transistor a JFET ndi CMOS: karenti yawo yotaikayi imachuluka pafupifupi kawiri kutentha kukakwera ndi madigiri 10. Manambala a mu datasheet ndi a pa 25 °C. Seketi ya m'bokosi lachitsulo lokhala padzuwa la Okutobala ku Chikwawa kapena ku Nsanje, mkati mwake mutafika 65 °C, idzataya karenti yochuluka ka 16.

Bwanji osaika Rf yaing'ono kuti seketi ikhale yachangu, kenako n'kukulitsa volteji ndi op-amp yachiwiri?

Zimatheka, ndipo nthawi zina palibe kuchitira mwina, koma mumalipira ndi phokoso. Resistor iliyonse imatulutsa kavolteji kosakhazikika chifukwa cha kutentha kokha. John Johnson anakayeza ku Bell Labs ndipo Harry Nyquist anafotokoza masamu ake mu 1928. Chofunika kudziwa n'chakuti resistor ikakula ka 100, uthenga wanu umakula ka 100 pomwe phokoso lake limangokula ka 10.

Tiyerekeze njira ziwiri zopezera 1 V kuchokera ku 1 µA. Yoyamba ndi Rf ya 1 MΩ, imene phokoso lake ndi pafupifupi 128 nV/√Hz. Yachiwiri ndi Rf ya 10 kΩ yotsatiridwa ndi op-amp yokulitsa ka 100. Phokoso la 10 kΩ ndi 12.8 nV/√Hz, koma likakulitsidwa ka 100 limafika 1,280. Uthenga ndi wofanana, phokoso lachuluka kakhumi. Zimenezi zimadabwitsa ophunzira amene anamva kuti resistor yaikulu ndi yaphokoso. Pa seketi iyi, tengani Rf yaikulu kwambiri imene liwiro ndi volteji ya batire zikulolani.

Op-amp nayo ili ndi phokoso lake, ndipo pa liwiro lalikulu seketi imalikulitsa molingana ndi C kugawa ndi Cf. Pa chitsanzo chathu ndi pafupifupi ka 40, moti pa liwiro lalikululo phokoso la TL071 limaposa la resistor. Apanso capacitance ya polowera ndiyo ikuvutitsa. Photodiode yaikulu imatola kuwala kochuluka, inde, koma imabweretsanso capacitance yochuluka.

Manambala anga amasintha ndikayandikiza dzanja, ndipo nthawi ya mvula amasokonekeratu. N'chiyani?

Mwendo wa − umalandira karenti iliyonse, osafunsa kumene yachokera. Mawaya a magetsi a m'nyumba, amene kuno amasintha mbali pa 50 Hz, amatayira kakarenti m'thupi mwanu ndi m'mawaya oyandikana nawo, ndipo dzanja lanu limakafikitsa pa seketi. Fupikitsani miyendo yonse yokhudza mwendo wa −, ndipo seketiyo muitsekere m'kachitini kolumikizidwa ku ground. Mababu ambiri amaphethiranso ka 100 pa sekondi. Kumeneko ndi kuwala kwenikweni, seketi sikunama, ndipo chitini sichingathandize. Muyenera kutchinga kuwalako kapena kutenga nambala ya pakatikati pa nthawi yokwana 20 ms.

Za mvulazo ndi chinyontho. Fumbi, thukuta la zala ndi zotsalira za flux zikanyowa zimapanga njira ya magetsi pamwamba pa bolodi. Tinene kuti njirayo ndi ya 10 GΩ, yaikulu moti mita yanu singaione. Kuchokera pa waya wa 5 V imadutsitsa 0.5 nA, ndipo pa Rf ya 100 MΩ imeneyo ndi 50 mV yosintha ndi nyengo. Tsukani bolodi ndi isopropyl alcohol, iume bwino, ndipo musaigwirenso pamenepo. Opanga mabolodi amazunguliza mwendo wa − ndi mzere wa kopa wolumikizidwa ku volteji yofanana ndi ya mwendo wa +, kuti karenti yotaika ithere pamzerepo isanafike pakati.

Ena amaika volteji yobwerera m'mbuyo pa photodiode. Ndi liti pamene zimafunika?

Pamene liwiro ndilo lofunika kuposa zonse. Volteji yotereyi imachepetsa capacitance: ya BPW34 imatsika kuchoka pa 70 pF kufika pafupifupi 25 pF pa 3 V. Mtengo wake ndi wakuti diode imayamba kutaya kakarenti ngakhale mumdima, ndipo kutayako kumakula ndi kutentha. Zolandirira fiber, zimene zimawerenga kuphethira mabiliyoni pa sekondi, zimayenda motero, ndipo amplifier yake imaikidwa m'kachitini kamodzi ndi photodiode. Woyeza kuwala kochepa kosasintha msanga asiye diode pa 0 V.

Karenti yochepetsetsa imene seketiyi ingayeze ndi yotani?

Yochepa moti inatsegula nthambi zatsopano za sayansi. Mu 1976, Erwin Neher ndi Bert Sakmann a ku Göttingen anayeza karenti yodutsa pa kabowo kamodzi ka pakhungu la selo lamoyo, ya ma picoampere ochepa. Zida za ntchito imeneyi zimagwiritsa Rf ya ma gigaohm: 1 pA pa 10 GΩ ndi 10 mV, yooneka bwino. Analandira mphoto ya Nobel mu 1991. Mu 1981, Gerd Binnig ndi Heinrich Rohrer a ku labotale ya IBM ku Zürich anapanga maikulosikopu yoyendetsa nsonga yakuthwa pamwamba pa chinthu n'kumayeza kakarenti kodumpha pampatapo. Kakarentiko kamasintha pafupifupi kakhumi mpata ukasintha ndi 0.1 nm, ndipo mwa njira imeneyi anaona maatomu mmene andandalikira. Nobel yawo inabwera mu 1986. Mkati mwa zida zonse ziwirizi muli op-amp ndi resistor, zolumikizidwa monga za patebulo lanu zija.

Ndingaigwiritse ntchito poyeza magetsi a m'nyumba kapena a sola?

Ayi. Karenti yonse yolowa mu seketiyi imathera m'mwendo wotulutsira wa op-amp, umene umangopirira ma milliampere makumi ochepa. Pa batire ndi sola gwiritsani resistor yochepa yonenepa ija, imene amati shunt, pamodzi ndi amplifier yoyeza volteji ya pamenepo.

Pa magetsi a 230 V gwiritsani current transformer, mphete yopanira pa waya mmodzi popanda kumusenda. Yodziwika kwa ophunzira ndi SCT-013-000, imene imatsitsa 100 A kukhala 50 mA, ndipo resistor ya 33 Ω imasandutsa 50 mA imeneyo kukhala 1.65 V. Apa resistor ilinso ndi ntchito yoteteza moyo. Current transformer imaumiriza karenti yake kuti idutse, ndipo ikasowa njira imakweza volteji. Pa zikuluzikulu za m'mafakitale, zotulutsa 5 A, volteji imeneyo imatha kufika mazana kapena masauzande a ma volt, yokwanira kupha munthu ndi kuotcha chipangizocho. Musanachotse mita kapena resistor pa current transformer, zimitsani magetsi a waya wamkuluyo, ndipo ngati sangazimitsidwe, yambani mwalumikiza miyendo yake iwiri pamodzi.